Mtovu wa pakhonde: poizoni wolowera m'manja

M'midzi yozungulira malo otetezera nyama a Kuti, kufupi ndi tauni ya Salima, ndiponso m'misika ya m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, wailesi ikangoti zii kapena tochi ikaleka kuyaka, mwini wake sathamangira kukaiponya kudzala. Pamudzi sipalephera kupezeka mnyamata wodziwa kugwira mawaya. Ena ndi ntchito yawo yodyera, koma ambiri amangochita mokonda: kulumikiza masipika, kukonza tchaja ya foni, kuika mababu a sola m'nyumba ya agogo. Luso limeneli n'loyamikika ndipo lapititsa ena patali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anatchuka pa dziko lonse chifukwa cha makina ake opukusa magetsi ndi mphepo, anayambira pomasula ndi kukonza mawailesi akutha.

Pa tebulo la mmisiri wotere pamakhala kawaya kofewa, kotuwa ngati siliva, kamene amakasungunula ndi chitsulo chotentha kuti kamate mawaya awiri pamodzi. Amene ali ndi magetsi amagwiritsa ntchito soldering iron ya m'sitolo, pamene amene alibe amatenthetsa kachitsulo pa mbaula. Kawaya kameneka, makamaka ka mtundu wakale ndi kotsika mtengo, kamakhala kosakaniza zitsulo ziwiri: magawo 60 pa 100 alionse ndi chitsulo chotchedwa tin, ndipo magawo 40 ndi mtovu. Mukaona pa chikulungo chake palembedwa 60/40 kapena zilembo zoti Pb, dziwani kuti muli mtovu. Mayiko a mu European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira mu 2006, koma lamulo lawo silifika pa khonde la ku Salima, ndipo mawailesi ndi ma TV akale amene timakonzakonza anamatidwa ndi waya wokhala ndi mtovu.

Anthu ambiri akamva kuti ntchitoyi ili ndi ngozi, maganizo awo amathamangira ku kautsi koyera kamene kamafuka chitsulo chikakhudza waya. Kautsi kameneka kali ndi mlandu wake, koma si wa mtovu. Waya wa 60/40 umayamba kusungunuka pa madigiri 183, ndipo chitsulo chomatira chimatentha kufika madigiri 300 kapena 400. Mtovu umawira pa madigiri oposa 1,700, choncho pa kutentha kwa tebulo la mawailesi umene umasanduka nthunzi ndi wochepa zedi. Chimene chimafuka ndi utomoni wa mtengo wa paini umene amauika mkati mwa wayawo kuti uziyeretsa pomatapo. Utsi wa utomoniwu umayabwa m'maso ndi kukhosi, ndipo munthu akaupuma kwa zaka ukhoza kumuyambitsa mphumu. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirira ntchitoyi pamalo popita mphepo, nkhope isaweramire pa utsiwo.

Mtovu uli ndi njira yake ina, ndipo njirayo ndi manja. Pokhala chitsulo chofewa, umasiya tizidutswa tosaoneka ndi maso pa zala za aliyense wougwira, pa malaya, pa foni ndi pansi pa zikhadabo. Amisiri ena, manja onse awiri akatanganidwa, amaluma wayawo ndi mano kuti ugwire, kapena kuudula ndi mano omwewo. Ena amasiya ntchito kwa kamphindi n'kutola mtedza, chimanga chootcha kapena ndudu. Ndiye pali nkhani ya nsima. Ife timadya ndi manja, ndipo m'makomo ambiri timasambabe m'beseni limodzi, akulu poyamba, ana pomalizira. Ngati bambo kapena mchimwene wachokera pa tebulo la mawaya n'kuviika manja m'madzimo popanda sopo, mwana amene asambe pambuyo pake akusamba m'madzi amene mwatsukidwira mtovu, kenako n'kutema mbamu ya nsima ndi manja omwewo.

Palinso timadontho. Pomata, waya wosungunuka umathovoka n'kugwera pansi ngati timikanda tonyezimira. Timalowa m'mipata ya mphasa, timasakanikirana ndi dothi la pakhonde, timaphwanyika popondedwa mpaka kusanduka fumbi. Pakhonde pomwepo ndi pamene khanda limakwawa, ndipo khanda chilichonse chimene latola limapititsa kukamwa.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, pakuti mtovu umazunza mwana kuposa mwini ntchitoyo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pa mlingo womwewo wa mtovu womezedwa, thupi la mwana wamng'ono limatenga kuchulukitsa kanayi kapena kasanu kuposa thupi la wamkulu. Thupi limausokoneza ndi kashiamu, mchere womanga mafupa ndi mano, choncho limaulandira ngati chakudya. M'magazi umakhala pafupifupi mwezi umodzi, koma ukakhazikika m'mafupa umatha zaka makumi angapo. Kwa mwana umafika mu ubongo umene ukukula kumene n'kusokoneza kalumikizidwe kake, ndipo chimene chaonongeka pamenepo sichibwerera. Mwana amakhala wochedwa kulankhula, wosachedwa kupsa mtima, wovutika kusunga zimene waphunzira. Akafika Sitandade 3 asanathe kuwerenga, aphunzitsi amati ndi waulesi, makolo amati watengera kwa amalume ake, ndipo palibe amene amakumbukira timikanda ta pakhonde tija.

Kwa akulu, mtovu umakweza kuthamanga kwa magazi, umaononga impso, umachepetsa mphamvu yobereka, ndipo ukachuluka umabweretsa kupotokola kwa m'mimba, kudzimbidwa, mutu wosatha ndi kufooka kwa manja. Kwa amayi pali china chowawitsa mtima. Mtovu umene mtsikana anaumeza ali wamng'ono umagona m'mafupa mpaka tsiku limene adzakhale ndi pakati. Thupi likayamba kutapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, mtovu uja umatuluka nawo limodzi n'kukafika kwa mwana wosabadwayo. Ukhoza kuchititsa kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wochepa thupi.

WHO imanenetsa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosaopsa. Mlingo umene madokotala amayambira kufufuza gwero lake ndi ma microgram 5 pa desilita imodzi ya magazi, ndipo microgram ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa ka 1,000,000. Mu 2020 mabungwe a UNICEF ndi Pure Earth anatulutsa lipoti lonena kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, ana ofika mwina 800 miliyoni, ali pa mlingo umenewu kapena kupitirira. Ambiri mwa ana amenewa samva kuwawa paliponse. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ngakhale pamene zizindikiro zaonekera, zimabisala kumbuyo kwa matenda ena. Kuchepa kwa magazi, kusanza, kufooka ndi kukomoka ndi zimene mayi aliyense wa m'mbali mwa nyanja amazidziwa ngati malungo, ndipo m'boma ngati la Salima, kumene malungo ndi nkhani ya chaka chonse, maganizo a aliyense amayambira pamenepo. Zinachitikapo ku Zamfara m'dziko la Nigeria mu 2010. Ana anayamba kukomoka ndi kufa m'midzi ingapo, anthu n'kumaganizira matenda ozolowereka, mpaka madokotala a Médecins Sans Frontières atatumiza magazi kukapimidwa. Zinapezeka kuti makolo ankaperera m'makomo mwawo miyala ya golide yokhala ndi mtovu wambiri. Ana osachepera 400 anamwalira. Ntchito inali ya akulu, koma inkagwiridwira pabwalo pamene ana amasewera.

Kunena chilungamo, kawaya ka wokonza mawailesi ndi ngozi yaing'ono poyerekeza ndi chinthu china chimene chalowa m'makomo athu m'zaka zapitazi: batire ya galimoto kapena ya sola. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. Mabanja ambiri a m'midzi ngati yozungulira Kuti adzipezera okha kuwala pogula sola ndi batire pamsika. Kunyanja nako, asodzi ambiri a usipa anasiya nyali za parafini n'kuyamba mababu oyendera batire. Kupitirira theka la kulemera kwa batire yotereyi ndi mtovu.

Ofufuza a ku University of Manchester, motsogozedwa ndi Christopher Kinally, anayendera madera a ku Lilongwe amene alibe magetsi n'kuona chimene chimachitikira mabatire amenewa. Anapeza kuti ambiri amafa chaka chisanathe, ngakhale kuti anapangidwa kuti azitha zaka zitatu mpaka zisanu, chifukwa amalumikizidwa molakwika ndipo amagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu moto tsiku ndi tsiku. Akafa amapita kwa amisiri a pamsika amene amawang'amba ndi zikwanje, kukhuthulira asidi pansi, kusungunula mtovu pa mbaula ya makala ndi kuumba mbale zatsopano za mkati mwa batire. Malinga ndi kafukufukuyu, batire imodzi yokonzedwa motere imamwaza makilogalamu 3.5 mpaka 4.7 a mtovu pamalopo, mlingo woposa ka 100 umene ungaphe munthu wamkulu ataumeza. Pano ndiye utsi ndi woopsadi, pakuti moto wa makala wokupizidwa umapitirira kutali kutentha kwa chitsulo chomatira mawaya, ndipo phala louma la mkati mwa batire limauluka ngati ufa.

Kumene ntchito yotereyi imathera kukudziwika. Ku Thiaroye-sur-Mer, dera la asodzi kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, anthu anakhala zaka zambiri akuphwanya mabatire kuti apeze mtovu, wina n'kumaumbira zolemetsa maukonde. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kusefa dothi la pamalopo ndi kulisunga m'matumba m'nyumba zawo. Pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008, ana 18 anamwalira. Nkhani imeneyi iyenera kumveka bwino m'madoko athu, chifukwa kunonso ukonde umafuna cholemetsa kuti umire. Ena amamangirira miyala, ena mtovu, ndipo mtovu wapafupi ndi wa m'batire yakufa. Wosungunula mtovu m'chitini pa mafuwa omwe aphikirepo chakudya chamadzulo, kapena kufupi ndi mathandala oyanikapo usipa, akuika poizoni m'njira ya chakudya cha anthu ambiri, kuphatikizapo a m'tauni amene adzagule usipawo ku Lilongwe.

Awerengi a m'tauni amene alibe sola kapena mbaula asaganize kuti nkhaniyi yawalambalala. Khoma la nyumba likhoza kukhala gwero. Kwa zaka zambiri opanga penti wamafuta ankathiramo mankhwala a mtovu kuti mtundu uwale ndiponso kuti aume msanga, makamaka penti wachikasu ndi wofiira. Mu 2021 bungwe la Lead Exposure Elimination Project, mogwirizana ndi akatswiri a m'dziko muno, linatulutsa zotsatira za penti amene linagula m'masitolo a ku Malawi: kuposa theka la penti wamafuta amene anapimidwa anali ndi mtovu wopitirira malire a magawo 90 pa miliyoni amene mabungwe a United Nations amalimbikitsa. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards linalonjeza kukhwimitsa kuyendera makampani, ena mwa opanga penti anasintha kapangidwe, ndipo kafukufuku wobwereza wa mu 2023 anasonyeza kuti penti wa mtovu wachepa kwambiri pamsika. Iyi ndi imodzi mwa nkhani zochepa zimene dziko lathu linachita changu.

Komabe lamulo latsopano silichotsa penti amene anapakidwa kale. Zitseko, mafelemu a mawindo, mabedi achitsulo, madesiki ndi zoseweretsa za pabwalo la sukulu ya mkaka zimene zinapakidwa zaka khumi zapitazo zikadali ndi chimene zinali nacho. Penti akakhala wosasuntha, ngozi yake ndi yochepa. Amaopsa akayamba kusupuka, kapena mwini nyumba akaganiza zokongoletsa n'kumupala ndi sandpaper ali wouma, fumbi n'kudzaza chipinda chogona ana. Tizidutswa ta penti wa mtovu timakomako ngati totsekemera, n'chifukwa chake mwana akalawa kamodzi amabwererako. Chimodzimodzi maboti a kunyanja amene amapalidwa ndi kupakidwanso pamchenga. Penti wamadzi ndi laimu kawirikawiri sizikhala ndi vutoli.

Za m'khitchini tingozitchula mwachidule. Mapoto oumbidwa ndi aluminiyamu wosungunula kuchokera ku zitsulo zakutha za magalimoto akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo kafukufuku wa ku Cameroon wa mu 2014 anaonetsa kuti umatuluka pophika, makamaka chakudya chowawasa. Ndowa, chitini kapena keni yomatidwa ndi waya wa mtovu ndi yabwino kuthirira mbewu za maluwa, osati kusungira madzi akumwa, thobwa kapena mkaka. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu.

Chovuta china n'chakuti mtovu suola. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma ana obadwa lero m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi, wochokera m'dothi limene amaseweramo. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana a m'deralo. Khonde la ku Salima si Kabwe, koma khalidwe la chitsulochi ndi limodzi: pamalo pamene panang'ambidwira mabatire chaka chino padzakhalabe mtovu mwini ntchitoyo atasamuka, pamalopo patamangidwa nyumba kapena patalimidwa dimba.

Palibe chifukwa choletsera mnyamata wokonda mawaya kupitiriza luso lake. Chofunika ndi kulekanitsa ntchitoyo ndi malo a chakudya ndi a ana. Tebulo likhale lakelake, kutali ndi khitchini, kuchipinda ndi pamphasa yodyera, ndipo pansi pake payalidwe katoni kapena chitsulo chogwira timadontho kuti titayidwe m'botolo lotsekera. Pomaliza apukute ndi kansalu konyowa. Tsache louma limangoulutsa fumbi kuti likatere pa mbale. Waya usapite kukamwa, ndipo pa tebulopo pasadyedwe kanthu. Asanagwire chakudya kapena kunyamula mwana asambe ndi sopo, madzi ochita kuthiridwa kuchokera m'jagi, akutsuka ndi m'zikhadabo momwe. Malaya ogwirira ntchito asachapidwe pamodzi ndi matewera. Amene angakwanitse agule waya wopanda mtovu, umene umalembedwa lead-free kapena Sn99.3. Umafuna chitsulo chotentherapo, chifukwa umasungunuka pa madigiri pafupifupi 227, ndipo pomatapo sipanyezimira ngati pa wakale, koma dzanja limazolowera pakangopita masiku. Mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 6 asakhale pafupi ndi ntchitoyi.

Chakudya chili ndi gawo lake. Mwana wa njala, kapena wosowa ayironi ndi kashiamu m'thupi, amatenga mtovu wambiri kuposa mnzake wodya bwino, chifukwa matumbo ake amakokera chilichonse chofanana ndi mchere umene akuusowa. Pamenepa anthu a ku Salima ali ndi mwayi umene ena amaugula ndi ndalama zambiri: usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, nyemba, bonongwe ndi chisoso, komanso malambe amene ali mbwee m'bomali. Zakudya zimenezi sizichotsa mtovu umene walowa kale, zimangochepetsa wolowa. Ndipo chilakolako chodya dothi chimene amayi ena oyembekezera amakhala nacho, chimene nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndi chofunika kuchitchula kusikelo, makamaka ngati pafupi ndi pakhomo pamakonzedwa mabatire.

Mtovu m'thupi umadziwika popima magazi basi. Mwana akamadwaladwala m'mimba, kuchepa magazi kapena kukomoka koma malungo osapezeka, kholo liuze dokotala, kaya ndi pa chipatala chaching'ono kaya pa chipatala cha boma ku Salima, ntchito imene imagwiridwa pakhomo: mawailesi, mabatire, zolemetsa maukonde kapena kupala penti. Dokotala sangalote zimenezi. Mankhwala okoka mtovu m'magazi alipo kwa amene wawachulukira kwambiri, koma amakhala opanda phindu ngati mwanayo akubwerera pakhonde lomwe lija.

Pa mabatire, banja palokha lingachite zochepa: kusaing'amba batire yakufa, kusakhuthula asidi wake, kuisunga choimirira pamalo pouma pamene ana safika, ndi kuigulitsa yathunthu. Funso la kumene ikupita ikachoka pakhomo ndi la boma ndi amalonda. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene zinyalala zoopsa zili m'manja mwake, ndipo mabungwe ndi makampani amene akulimbikitsa sola m'midzi ndiwo akuchulukitsa mabatirewa. M'maganizo anga, aliyense wogulitsa batire yatsopano pa Salima, pa Kamuzu Road kapena pa Senga Bay anayenera kukakamizidwa kulandira yakale ndi kuchotserako wogula mtengo, kuti batire yakufa ikhale ndi phindu lalikulu ikabwezedwa yathunthu kuposa ikang'ambidwa ndi chikwanje kuseri kwa msika.